Loko wachitatu

Sowo inali itadya theka la unyolo pamene mkazi wa malemu anatulukira pakhonde. Mlamu wake, mkulu wa mwamuna wake, anali atagwada pambali pa njinga yamoto, thukuta lili kamukamu, akucheka ngati akupulumutsa munthu. Maliro anali ataikidwa dzana. Ngakhale mipando yobwereka inali isanabwezedwe.

Mayiyo anamuyang'anitsitsa. Munthu ameneyu kuchipatala sanagwireko ngakhale beseni, koma mng'ono wake atangotsirizika, dzanja linali kale m'thumba la buluku la malemuyo kufufuza makiyi. Ndi makiyi omwewo anali atatsegula loko wa thayala lakutsogolo. Kiyi wa unyolo yekha ndiye sanampeze. Kupempha anachita nako manyazi, koma kucheka ayi.

Chapatali panaima wogula, bambo wa jekete lachikopa, akuyang'ana kumbali ngati wangodutsa.

Mayiyo anakumbutsa mlamu wake kuti njingayo ndiyo imadyetsa ana, ndipo mnzake wa malemu wavomera kale kumaiyendetsa.

"Ine ndikukuthandizani, alamu," anatero mkuluyo osadzutsa mutu. "Mbava zamva kuti muno mulibe mwamuna."

"Zamvadi," anayankha mayiyo.

Malemu anaberedwapo njinga yake yoyamba pamsika dzuwa likuswa mtengo, ndipo sanaiwale. Atagula iyi, anakwirira mphete yachitsulo m'simenti ya pakhonde, n'kumamangirirapo thayala lakumbuyo. Anzake mpaka anamutcha Maloko. Iye ankangoseka, ati wakuba ndi munthu waulesi, ukamuchulukitsira ntchito amapita kwa ena.

Unyolo unaduka. Mkuluyo anakwera, analowetsa kiyi, n'kuponda. Zii. Anapondanso kakhumi, mpaka nsapato inavuka. Wogula uja anasuzumira mafuta, anagwiragwira mawaya, anayesa yekha katatu, kenako anapukuta manja n'kunena kuti iye sagula mtembo. Mawu amenewo anawanena pakhomo pa namfedwa, osachita n'komwe manyazi.

Mayiyo anangopinda manja. Pansi pa chishalo, kuseri kwa chitsulo, panali kabatani kodula moto, m'kampata kothina moti dzanja la mwamuna silikanalowamo. Ngakhale la mwiniwake silinkalowa. Kwa zaka zinayi, m'mawa ndi madzulo, malemu ankamuitana kuti, "Amayi, tabwerekeni kadzanja kanu." Iye ankabwera akunyinyirika, sopo ali m'manja, n'kumufunsa kuti ndi mmisiri wanji woika chinthu pomwe iye mwini safikapo.

Wogula atapita, mkuluyo anamenya thayala ndi phazi. Anati mng'ono wake anali wopusa kuyambira ali mwana, maloko onsewa kutetezera chitsulo chakufa.

"Khalani nacho chiphakasa chanucho," anatero. Anaponya makiyi pansi, koma sowo yake sanaiiwale.

Mayiyo anadikira mpaka geti litatsekeka. Anatola makiyi, anasesa utuchi wa chitsulo, kenako anagwada n'kulowetsa dzanja pansi pa chishalo. Zala zinadutsa pa kamphira kamene malemu anakulunga m'mphepete mwa chitsulo tsiku lina iye atadandaula kuti chamukanda. Apo m'pamene misozi inabwera. Mwamuna uja anali atayeza kampatako ndi dzanja la mkazi wake, kuti njinga isadzachoke pakhomo mkaziyo asanalole.

Anadina kabatani, kanyali ka njingayo kanayaka. Anadinanso, kanazima.