Mwana Wogulidwa Pawindo

Mbuzi inakana kukwera kamtunda ka kwa Catinca, ndipo Domnica ankaikoka pachingwe uku akuitukwana. Mayi wa zaka makumi asanu, wathupi lake, kulimbana ndi mbuzi m'matope m'mawa wonse! Amuna amene ankamwa kachasu wa maplamu pashopu anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi Domnica, mwapeza mwamuna tsopano?"

"Eya, wandevu ngati iwe, koma uyu amabweretsa mkaka pakhomo," anayankha osacheuka.

Bungwe limene Domnica ankagwirako ntchito linkapereka mbuzi ndi nkhuni kwa mabanja ovutika m'midzi ya m'boma la Vaslui kuti asamasiye ana kuchipatala. Ena ankalandira ndi manja awiri, koma osati Catinca. Mwamuna wake anapita ku Italy kukathyola mphesa, foni n'kuzima mpaka lero. Ana atatu m'nyumba, wachinayi kumanja, wodwaladwala, mawere n'kuuma. Komabe mbuziyo anaibweza kawiri konse, akuti iye si wopemphapempha, sangalole kuti azimuloza chala kutchalitchi. Anali atamanga mfundo: lero akwera basi, akamusiya khandalo, Mitru, kuchipatala cha m'tauni, anamwino akamudyetse mpaka nyengo yozizira ithe.

Mawu amenewo Domnica ankawadziwa, ndipo ankamuwawa. Nayenso amayi ake anamusiya mpaka kuzizira kuthe. Anakulira m'nyumba ya ana amasiye, pabedi lachitsulo, maso ali pachitseko.

Atafika sanapite pakhomo. Anazungulira kuseri n'kugogoda pawindo. Catinca anatsegula atamanga kale mpango, mwana atamufunditsa bulangeti, chikwama chili pabedi.

"Azakhali, ndinakuuzani kale. Mbuzi yanuyo bwererani nayo."

"Akukupatsa mbuzi ndani? Ine ndabwera kudzagula. M'nyumba muno muli mwana wogulitsa?"

Catinca anangoti kukamwa yasa. Mwambowo ankaudziwa, agogo ake anachitira mlongo wake. Mwana akamadwaladwala amamugulitsa pawindo kwa mayi wina, n'kumusintha dzina kuti matenda akabwera asamupeze, kenako wogulayo amamulowetsanso pakhomo.

"Zachikale zimenezo, azakhali. Wansembe akamva?"

"Wansembeyo anatulukira pawindo nayenso, ukafunse amayi ake."

"Ndiponso wogula amayenera kukhala ndi ana athanzi. Inu mulibe mwana."

"Ndiye wamvapo kuti mwana wanga wadwala? Ngakhale chimfine?"

Catinca anaseka osafuna, koyamba m'masabata ambiri. Amayi oyandikana nawo anali atayamba kale kusuzumira pampanda, ena atanyamula ndowa zopanda madzi kuti aoneke ngati akungodutsa.

"Mtengo wake ndi mbuzi iyi," anatero Domnica mokweza kuti onse amve. "Sindikuwonjezera kanthu, mwanayo ndi woonda."

"Woonda? Mwaiona miyendo yake inu?"

"Bwera naye ndimuone."

Catinca anaganiza kaye. Mbuzi yogulira mwana si mphatso, palibe angamunene. Ndipo ngati mwambowo ungamuthandize mwanayo kumene akupitako, cholakwika n'chiyani? Anamupsompsona pachipumi n'kumutulutsa pawindo, Domnica n'kumupatsira chingwe cha mbuzi.

"Kuyambira lero ndiwe Ursu, chimbalangondo," Domnica anauza mwanayo. "Matenda akabwera kudzafuna Mitru, auze kuti anasamuka."

Apa n'kuti mwambo utatsala pang'ono, kungozungulira nyumba n'kulowa pakhomo. Koma Domnica anakakhala pachitsa chowazira nkhuni, n'kuyamba kusewera ndi mwanayo ngati alibe kopita. Kumunsi kwa kamtunda basi inaliza hutala.

"Azakhali, mulowetseni msanga, basi indisiya!"

"Ukupita kuti? Uli ndi mwana woti ukasiye iwe? Uyu ndi wanga, ndagula anthu akuona. Poti iwe sukumufuna m'nyumbamo, ndikupita naye kwathu."

Anadzuka, anakonza bulangeti, n'kuyamba ulendo wa kugeti. Ankayenda pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba, chifukwa sankadziwa chimene akanachita akanafika pamsewu popanda womuitana. Ursu anacheuka, anaona amayi ake akutalikira, n'kuyamba kulira.

Chitseko chinamenyetseka. Catinca anatuluka ndi masokosi okha, akuthamanga m'matope, mpango uli m'khosi.

"Bweretsani mwana wanga! Mwana wanga ameneyo, sapita kulikonse!"

Domnica anaima.

"Wamva zimene wanenazo? Anthu onsewa amva." Anabwerera, analowa pakhomo monga mwa mwambo, n'kumuika mwanayo m'manja mwa amake. "Ndikukubwereka, undilerere. Mawa ndikubwera ndi nkhuni, ndipo usayerekeze kukana. Mwana wanga sagona pozizira."

Catinca ankalira uku akuseka, atamukumbatira mwanayo mpaka mwiniwake kudandaula. Basi inalizanso hutala n'kunyamuka, palibe anaiyang'ana. Ana atatu aja anali akuthamangitsa mbuzi, imene inali itatha kale theka la kabichi m'dimba, ndipo mayi wina wapampanda analumpha ndi ndowa yake kuti aphunzitse Catinca kukama.

Potsika kamtunda, amuna a pashopu anali pomwe paja.

"Mayi Domnica, mwamuna uja wakukanani kale?"

Ulendo uno sanawabwezere. Anangodutsa akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Moyo wake wonse anadikira kuti wina afike pachitseko cha nyumba ya ana amasiye ija akukuwa kuti bweretsani mwana wanga. Lero mawuwo anawamva ndi makutu ake, ndipo ngakhale sankanena za iye, anamukwanira.