Mkamwini Wobwera pa Lole

Amayi anga analowa m'nthochi koyamba m'mawa wina, ndowa ili pamutu. Ine ndinali pambuyo pawo, tikuchokera kukasupe, ndipo ndinangoona munthu wamkulu wakhota mwadzidzidzi ngati waona njoka, masamba phwaa, madzi khuthu. Njoka panalibe. Kutsogolo kwathu kunkabwera Phillip, khasu lili paphewa, mano onse ali pamtunda.

"Mangwanani, mhamha!" anawalonjera m'Chishona, akuyang'ana nthochi zimene zinkagwedezeka. Nthochizo sizinayankhe.

Ndiyambe ndanena za ife. Makolo anga anabadwira m'komboni ya famu ina ku Burma Valley, ana a anthu amene anachoka ku Nyasalande wapansi kudzathyola fodya ndi kudula nthochi. Mafamu atagawidwa, anzathu Achishona anakwera mabasi kupita kumidzi yawo. Ife mudzi tinalibe, ndiye tinakwera phiri. Pamwambapo, moyang'anana ndi Mozambiki, tinamanga tinyumba tathu, malowo n'kungowatcha Kumtunda. Bambo anamwalira zaka zochepa zitadutsa, munda unatsala ndi ine ndi amayi, ndipo chaka chilichonse mvula inkakokolola nthaka yathu kukapatsa eni mafamu atsopano m'munsimo, iwo osanena n'komwe zikomo.

Chaka chimene amayi analowa m'nthochi chija, lole ya bungwe lina la ku Mutare inakwera phiri ikutsokomola, itadzaza mavolontiya. Anali anthu ongodzipereka, odzakhala nafe mwezi wathunthu, kukumba ngalande zotchinga madzi, kuumba mbaula zosadya nkhuni zambiri ndi kumanga mathanki a madzi a mvula. Ena anali azungu amene dzuwa linawapsereza makosi tsiku loyamba lomwelo. Banja lililonse linalandira wake. Ife tinalandira Phillip, wowotcherera zitsulo ku Paulington, m'tauni ya Mutare, mdzukulu wa munthu wa njanji wochokera ku Dedza. Chinyanja chake chinali chokwana kupemphera mchere basi.

Zonsezi ndinawafotokozera amayi bwinobwino, pakuti kumsonkhano wolandira alendo ndinapita ndine.

"Wati salipidwa?" anandifunsa.

"Salipidwa, amayi."

"Munda akulimawo ndi wa ndani?"

"Wathu."

"Iyeyo kwawo n'kuti?"

"Ku Sakubva, ku Mutare komweko."

"Ndiye mwamuna wachoka kwawo, wanyamula khasu, akulima munda wa mkazi wamasiye amene ali ndi mwana wamkazi wosakwatiwa, ndipo sakufuna kanthu. Iwe Emelda, sukulu inakupindulira chiyani? Ukuganiza kuti bambo ako anandipeza bwanji ine?"

Apa mpamene panagona nkhani. Achishona akafuna mkazi amapereka ng'ombe. Kwa ife mwamuna amabwera yekha kwa makolo a mkazi, kulima, kumanga, kuonetsa kuti manja ali nawo. Ameneyo ndiye mkamwini, ndipo apongozi aakazi sayang'anana naye m'maso kapena kugwirana naye chanza. Akakumana panjira, amathawana. Umenewo ndiwo ulemu. Amayi anali atadikira zaka zambiri kuti adzathaweko munthu, ndipo mwayi utapezeka sanafune kuusewera nawo.

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinawauza kuti mnyamatayo akangomaliza thanki akwera lole yake, koma ndinkangotaya malovu.

Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panasanduka bwalo la chibisalirano. Phillip akatulukira kumaso, amayi ankazemba kuseri. Anabisalapo m'khola la nkhuku, kuseri kwa mulu wa manyowa, ndipo tsiku lina anakhala m'chimbudzi m'mawa wonse chifukwa Phillip anasankha kuswera miyala pafupi ndi chitseko chake. Atatuluka, miyendo itachita dzanzi, nkhope yawo inkawala ngati ya mkwati.

"Sisi Emelda," anandifunsa Phillip tikusakaniza simenti, "mhamha ndawalakwira chiyani? Vanonditiza. Akungondithawa."

"Ndi ulemu," ndinatero.

"Ulemu? Ende ulemu wa kuno umathamanga, shuwa."

Ndikanamuuza zonse pomwepo, koma ndinachita manyazi. Iye anaganiza kuti mankhwala ake ndi kuwonjezera ntchito. Anakonza chitseko chathu chimene chinkakwekwa pansi kuyambira bambo ali moyo. Anazika mpini watsopano pa khasu la amayi. Loweruka lina anatsika kutauni n'kubwerako ndi chitenje cha maluwa achikasu, akuti ndikawapatse mhamha kuti mtima wawo ufewe. Kalanga ine, kumeneko kunali kuthira palafini pamoto. Amayi anavala chitenjecho kutchalitchi, ndipo pomwe tinkaweruka Kumtunda konse kunali kutadziwa kuti pakhomo pathu pali akamwini. Malume Everson, mlongo wa amayi, anatulutsa jekete lawo m'sutikesi n'kuliyanika padzuwa kuti fungo la mphemvu lichoke. Madzulo ankayendayenda m'munda mwawo akuyeserera mawu a unkhoswe, chimanga chikumvetsera.

Nanga ine, wa kusukulu uja? Zaka zanga zinali zitafika pamene anthu amasiya kukufunsa kuti ukwatiwa liti, n'kuyamba kukufunsa za nkhuku zako. Bodza la amayi ndinkaliseka masana, koma linkandikoma ngati nzimbe. Phillip ankanyamula miyala akuimba nyimbo zosadziwika mutu wake. Ankandipempha kuti ndimuphunzitse mawu a agogo ake, ndipo akalakwitsa ankaseka kuposa ine. Tsiku lina tinakhala pamphepete pa ngalande, nkhungu ikukwera kuchokera kuchigwa, iye n'kupuma mozama n'kunena kuti, "Kuno ndingakhale moyo wanga wonse." Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba n'kumawabwereza sabata yonse. Ndinayamba kudzola mafuta popita kokakumba. Ndinathira shuga mu ndiwo. Ndinkaseka ndekha potunga madzi mpaka akazi anzanga kumakodolana. Ndinamukonda Phillip, ndipo ndinkafuna ndi mtima wonse kuti amayi akhale olondola, ine wolakwa.

Thanki yathu itatha, mkulu wa mavolontiya anatumiza Phillip kukathandiza kwa Annah, mnansi wathu, amenenso anali wosakwatiwa. Amayi anamva ali pamtondo, musi unaima m'malere.

"Mitala? Ukwati usanayambe n'komwe?"

M'mawa mwake tinapeza mbali ina ya khoma la ngalande yathu itagumuka, miyala ili mbwee, padothi pali zidindo za patapata. Amayi anati ndi mbuzi. Ife mbuzi tinalibe, ndipo mbuzi ya Kumtunda sivala patapata, koma Phillip anabwerera kwathu n'kumanganso, uku akudandaula kuti mwina simenti anaichepetsa. Amayi ankamuyang'anira pa kabowo ka khoma la khitchini, mapewa akugwedezeka ndi chimwemwe. Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma pakhomo pathu panalibe amene ankafuna kumva za amalonda.

Tsiku lonyamuka alendo linafika. Amayi ndi malume anali atapangana kuti malumewo amutengere Phillip pambali, amufunse mwaulemu kuti akuluakulu a kwawo abwera liti kudzaonekera. Malume anavala jekete lija, mabatani onse atamanga, thukuta lili kamukamu. Ine ndinavala diresi langa lopitira kutchalitchi, ndikunamizira kuti zina zonse n'zakuda. Amayi anakabisala kuseri kwa thanki, mpango wokha ukuoneka. Mumtima ndinali nditasankha kale malo omanga nyumba yathu, pafupi ndi mtengo wa mapeyala.

Lole inaima pamsewu wa m'munsi mwa nyumba yathu. Kutsogolo kunatsika mtsikana wovala nsapato zoyera, zimene fumbi lathu linazilandira nthawi yomweyo. Phillip anaponya chikwama pansi n'kuthamanga. Anamunyamula m'mwamba, anazungulira naye, kenako anakwera naye kwathu atamugwira dzanja.

"Sisi Emelda, uyu ndi Joyleen! Ndinakuuzani za iye, handiti? Tikuchita muchato, tikumanga ukwati, mu Disembala. Mubwere, ndithu, inu ndi mhamha ndi sekuru Everson."

Mwina anandiuzadi tsiku lina, ine ndikumva zanga. Joyleen anawomba m'manja mwaulemu n'kundithokoza chifukwa chomudyetsa bwino munthu wake. Anali mtsikana wabwino, ndipo zimenezo zinandipweteka kwambiri. Malume anatsokomola, anamasula mabatani a jekete limodzilimodzi, n'kuyamba kuyamikira thanki ngati akuiona koyamba.

Kenako mpango uja unasuntha. Amayi anatuluka kuseri kwa thanki, anakonza chitenje chawo, n'kudutsa pakati pa bwalo osafulumira. Anaima pamaso pa Phillip, anamuyang'ana m'maso mwenimweni, n'kutambasula dzanja.

"Mwagwira ntchito, bambo," anatero. "Madzi tizimwa. Muyende bwino."

Phillip analigwira dzanjalo ndi manja ake onse awiri, akuligwedeza ngati akupopa mjigo. Misozi inalengeza m'maso mwake. Mwezi wonse ankafuna chanza chimenechi, ndipo sanadziwe kuti amayi amapereka moni wotere kwa munthu aliyense wodutsa ndi njira.

Anakwera lole pamodzi ndi anzake, akuimba ndi kumenya m'mbali mwa galimoto. Injini italira, Phillip anaimirira pamwamba pa katundu n'kukuwa kuti phiri lonse limve.

"Sisi Emelda! Mwaona? Mhamha andikonda tsopano!"

"Ndaona!" ndinakuwa nanenso, ndikubayibitsa ndi manja onse awiri, ndikuseka kwambiri kuti asaone china pankhope panga.

Amayi anabwera kudzaima pambali panga. Anandigwira pamkono mwamphamvu, maso ali kumsewu, akumwetulira alendo.

"Pepa, mwana wanga," ananong'ona. "Koma usagwetse msozi lole isanakhote."

Ndinapirira mpaka inakhota.