Tiana ta Maliya

Tinagwirizana kuti chiliza cha malemu mkazi wanga tidzachivundukule chimanga chikalowa m'nkhokwe. Simenti inali itafika kale kuchokera ku Cuamba, achibale a ku Chiuta anali atauzidwa. Amene sanayankhe anali Maliya, mwana wathu yekhayo, amene akuphunzira za maso ku yunivesite ya ku Joni.

Yankho linabwera masana ena mlamu wanga Adelaide, mng'ono wa malemu, ali pakhonde panga ku Insaca kuno akusenda chinangwa. Ndinatsegula uthenga wa mawu pa foni, tonse tikumva.

"Ababa, sindikudziwa ngati ndibwere. Tiana tanga tikadali moyo, ndipo tikufunika kudyetsedwa. Ndikatisiya tifa."

Adelaide anaika mpeni pansi.

"Alamu, mwana wabereka inu osatiuza? Komanso si mmodzi ayi, akuti tiana."

Ndinaphunzitsa za zamoyo ku sekondale mpaka kupuma, koma phunziro la tsikulo linandivuta kuposa onse. Ndinati kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala ngati khoko la anyezi, ndipo ndi kamene kamalandira kuwala. Maliya amakachotsa m'maso a nkhumba zophedwa ku butchala, n'kukadula tizidutswa. Amatiika m'timbale ta madzi a chakudya, m'kabati yofunda ngati thupi. Maselo oona kuwala amayamba kufa pang'onopang'ono, monga zimachitikira anthu ena khungu likamawayandikira. Mbale zina amathiramo mankhwala, zina ayi, kuti aone ngati mankhwalawo akuchedwetsa imfayo. Madziwo akapanda kusinthidwa pa nthawi yake, ntchito ya miyezi yapita.

"Ndiye maso a nkhumba ndi amene akuletsa mwana kukaona manda a mai ake?"

"Ndi ntchito yake, alamu."

"Kuti abwere, mpaka tianato tife kaye?"

"Kapena atiphe yekha."

"Nanga inu mukupempherera ziti?"

Ndinkafuna Maliya aime pambali panga tsikulo, koma sindikanamuuza zimenezo. Mai ake ndiwo ankadziwa kupempha zinthu zotere.

Adelaide anapukuta manja pa chitenje. "Muimbireni."

Maliya atayankha, Adelaide anandilanda foni.

"Iwe nakubala, zikomo kwambiri potibisira zidzukulu."

Ndinamva Maliya akuseka. "Mai aang'ono, mwaswera bwanji?"

"Taswera. Tamvera, kwathu kuno mayi akamapita ku maliro sanyamula ana onse. Amasiyira mnansi. Iwe ulibe mnansi kumeneko?"

"Alipo mmodzi amene amadziwa ntchitoyi, Shakila, wa ku Pemba. Koma ndi Msilamu, mai. Ndingamuuze bwanji kuti andigwirire za nkhumba?"

"Wakana?"

"Sindinamufunse."

"Ndiye wamukanira wekha. Ine ndakhala ndi a Hamida, amenenso ndi Msilamu, mpanda umodzi kuyambira pamene tinabwerera kuchokera ku Malawi. Chimene safuna amanena okha, pakamwa ali napo. Kamufunse mwaulemu. Akakana, wakana, sitidzamuda."

Kenako Maliya anati, "Ababa alipo? Iwo akuti bwanji?"

Adelaide anandiyang'ana, foni ili m'mwamba. Ndinati, "Ukabwera zikhala bwino." Adelaide anapukusa mutu ngati ndapereka ndiwo zopanda mchere, koma Maliya anamva.

Mawa lake anatumiza uthenga. Shakila anali atafunsa kaye kwawo, kenako anati kudya sadya, koma kusintha madzi atavala magolovesi, pa ntchito yothandiza odwala maso, mtima wake sukumutsutsa. Anangodandaula kuti Maliya anachedwa kumuuza.

Maliya anatsika shapa, minibasi ya kuno, pa msika fumbi lili m'tsitsi. Kumanda anaima kumanja kwanga, ndipo nyimbo itayamba anandigwira chigongono. Zinakwana.

Mmawa wotsatira tili pakhonde, Shakila anatumiza zithunzi. Maliya anandionetsa ziwiri, mdima wokhala ndi timadontho tobiriwira.

"Tobiriwirato ndi tamoyo. Iyi ndi mbale yopanda mankhwala, iyi ya mankhwala."

Ndinavala magalasi. Yachiwiri inali ndi timadontho tochulukirapo, koma osati kwambiri.

"Ndiye mankhwala akugwira?"

"Mwina. Mbale imodzi yachita nkhungu, tiyenera kubwerezanso kangapo. Musauze anthu kuti ndachiritsa khungu."

Adelaide anatuluka m'nyumba ndi thumba la mpunga ndi nsomba zouma za ku Amaramba, nayamba kumanga ndi luzi.

"Izi n'za mlezi. Usakadye panjira."

"Pa malire sakalola nsomba, mai."

"Ndiye mpunga upite. Nsombazi adya abambo akowa, aonda."