Baji ya Fiona

Ndinkawameta ndevu agogo Salvatore pamene anagwira baji yanga.

"Fiona? Amayi ako anakutchadi Fiona?"

Ndinawauza zoona. Dzina langa ndine Chiyembekezo, koma tsiku lomwe ndinayamba ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Croydon, kuno kudziko la eni, manijala wathu, mayi Paterson, anati dzinalo latalikitsa, lisokoneza nkhalamba. Anatsegula dirowa n'kutulutsa baji ya mtsikana wina amene anasiya ntchito. Viza yanga inali m'manja mwawo, ndiye ndikanatani? Ndinavala Fiona wa eni ake, koma zinkandiwawa tsiku lililonse.

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola. Kwawo kunali ku Sisile, chilumba cha m'nyanja ya Mediteraniyani. Anandiuza kuti kalekale chilumbacho chinkalamulidwa ndi mfumu ya banja lochokera ku Spain. Nkhondo yolimbirana chilumbacho itawatopetsa, adani ake anati chilumba ikhale nacho, koma dzina la Sisile ndi lawo, iyo izitchedwa mfumu ya Trinakriya, dzina lakale la chilumbacho. Mfumuyo inavomera.

"Kenako?" ndinafunsa.

"Patapita zaka inayambiranso kudzitcha mfumu ya Sisile. Sinapemphe kwa munthu."

Zaka? Ine ayi ndithu. Pa nthawi yopuma ndinamata pulasitala pabajipo n'kulemba dzina langa lonse. Malo anachepa, moti pulasitalayo anachita kufika payunifolomu.

Mayi Paterson anandipeza m'chipinda chodyera ndikugawa tiyi. Anati baji ndi katundu wa kampani, komanso ndisaiwale amene anandisainira mapepala okhalira m'dziko muno.

"Baji ndi yanu, tengani," ndinatero. "Koma dzinali silinachokere mu dirowa mwanu."

Mayi Paterson anatambasula dzanja kuti amatule pulasitalayo. Pomwepo agogo Salvatore anayamba kugogoda kapu ndi supuni, akuwerenga pachifuwa panga pang'onopang'ono: Chi-ye-mbe-ke-zo. Anabwereza kachiwiri.

Pafupi ndi windo panakhala agogo Margaret, amene ankaiwala ngakhale ana awo enieni, moti akabwera ankawafunsa kuti ndinu ndani. Anakweza kapu m'mwamba.

"Chiyembekezo," anatero mosaphonya ngakhale pang'ono, "tiyi wangayu wazizira."

Ndinadutsa pambali pa dzanja la mayi Paterson, likadali m'malere, n'kupita kukawathirira wina wotentha.