Botolo Lowawa la a Gracian

Amuna anga a Gracian ndi munthu wabwino, ndipo ndikunena izi nditaluma mano. Ubwino wawowo ndi umene watifikitsa pamene tilipa.

Iwo ndi telala, ankasoka pakhonde la nyumba yathu ku Mbayani. Diso lakumanzere linafa ndi chikuku ali mwana, moti banja lonse tinkadyera diso limodzi. Chaka chatha diso lomwelo linayamba kuona timadontho takuda, kenako mdima unayamba kulowa cham'mbali ngati wina akukoka katani. Kuchipatala cha maso anati kachikopa kakumbuyo kwa diso, kamene munthu amaonera, kamatuka. Anawachita opaleshoni n'kukamatanso.

Adokotala ake, mayi wachimwenye dzina lawo a Bhumi, sanatibisire. Anati anthu ena m'kati mwa diso mumachita chipsera, chipseracho chimakoka kachikopa kaja mpaka kumatukanso, ndipo ulendo wachiwiri zimavuta. Anatiuza za kafukufuku woyesa mankhwala odontheza m'maso, kuti aone ngati angaletse chipseracho. Koma odwala ena amalandira mankhwala enieni, ena madzi chabe m'botolo lofanana, ndipo palibe wodziwa, ngakhale adokotalawo.

"Ndiye mwina tizikadontheza madzi?" ndinafunsa.

"Mwina, mayi. Popanda kutero sitingadziwe ngati mankhwalawa amagwiradi ntchito."

Ine ndinafuna kudzuka, koma eni diso anavomera.

Wodontheza ndinali ine. Dontho likagwa, bambo wamkuluwamkulu ankafinya nkhope, misozi chuchuchu, amvekere akuwawa ngati tsabola. Ine mtima unakhala pansi, chifukwa madzi sawawa. Tonse amene tinkakumana pabenchi la kuchipatala tinagwirizana chimodzi, kuti lowawalo ndiye lenileni. Anamwino ankanena mobwerezabwereza kuti kuwawa sikutanthauza kanthu, koma ndani ankawamvera?

Pabenchi lomwelo pankakhala Aminatu, mtsikana wogulitsa zitenje ku Limbe, ali ndi khanda kumbuyo. Nayenso anachitidwa opaleshoni yomweyo. Botolo lake silinkawawa, ndiye tsiku lililonse lokaonana ndi adokotala kunali kulira. Ine chisoni ndinali nacho, sindikana. Koma Aminatu anali ndi diso lina labwinobwino.

Mmawa wina ndikudontheza, a Gracian anafinya nkhope dontho lisanagwe. Ndinaima. Ndinadonthezanso, m'maso muli gwa, opanda ndi msozi umodzi womwe. Bodza salitha amuna anga, ngakhale la nthabwala.

"Bambo a Stacy, botolo ili ndi la ndani?"

Anati, "Tinasinthana ndi mwana uja wa ku Limbe. Papita masabata angapo, inu munali kuchimbudzi."

"Mwati chiyani?"

"Ngwamng'ono, mayi a Stacy. Ali ndi khanda. Ine dziko ndaliona kale."

"Mwaliona kale! Nanga ulusi muzilowetsa m'singano ndi dziko munaona kalelo? Mnzanuyo ali ndi maso awiri, inu limodzi, ndiye wopereka mukhale inu? Ine ndinatsala pati pamene munkagawa diso la banja lino ngati mandasi?"

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti masiku onsewo ankanamizira kumva kuwawa, ine n'kumawapepesa, kuwapukuta nkhope, kuthokoza Mulungu kuti mankhwala akugwira.

Tsiku lomwelo ndinakwera minibasi ya ku Limbe. Ndinazungulira msika wonse, anzake ogulitsa zitenje anati Aminatu wapita kwa mayi ake kukapuma, sakudziwa tsiku lobwerera. Pobwerako ndinapita kuchipatala n'kukaulula zonse.

A Bhumi anagwira kumutu. Anati onse awiri awachotsa m'kafukufuku, chifukwa tsopano palibe angadziwe kuti diso liti lalandira chiyani, koma chithandizo china chonse chipitirira. Kenako anandiuza mawu amene sanandithandize n'komwe.

"Mayi, mwina lowawalo ndiye linali madzi. Mwina amuna anu anapereka madzi n'kulandira mankhwala. Komanso mwina mankhwalawo sathandiza konse. N'chifukwa chake tikuwayesa."

"Ndiye ndiuzeni lenileni linali liti!"

"Sindikudziwa. Tidzadziwa kafukufuku akadzatha."

Taonani nkhanza yake. Munthu ukufuna womukwiyira, akukupatsa mwina, mwina, mwina.

Chipsera chinabweradi. Kachikopa kanamatukanso, anawachitanso opaleshoni, koma zimene zinatsala ndi kuwala ndi zithunzithunzi basi. Makina osokera tinawalowetsa m'nyumba n'kuwaphimba ndi nsalu. Anthu a kutchalitchi akabwera kudzazonda amati a Gracian anaonetsa chikondi chenicheni. Amanena atakhala pamipando yanga, akumwa tiyi wanga, ndipo palibe anafunsapo kuti mmawa amawatsogolera kubafa ndani.

Loweruka lapitali ndikuchapa, ndinamva odi. Anali Aminatu, wanenepa, maso onse awiri ali mbee. Mlendo sabwezedwa pakhomo, choncho ndinamuyalira mkeka pakhonde pamene panali a Gracian. Anagwada, n'kuyamba kuthokoza. Anati adokotala anamukalipira, koma diso lake linapola bwinobwino, ndipo akudziwa kuti ndi chifukwa cha bambowa. Ndinazindikira kuti za diso la a Gracian sanamve chilichonse. A Gracian anali atalozetsa nkhope kumene kunkachokera mawu, akumwetulira ngati akumuona.

Aminatu anatulutsa chitenje chatsopano m'jumbo.

"Bambo, kangachepe. Inu ndinu telala, muwasokere mayiwa diresi."

A Gracian anachilandira ndi manja awiri, anachisisita, anayesa kulimba kwake ndi zala monga ankachitira kale.

"Nsalu yabwino, mwanangu," anatero. "Buluu ameneyu awakhala mayi a Stacy."

Aminatu anayang'ana chitenje, n'kuyang'ana ine. Amuna anga anandigunda mwendo ndi bondo, kundipempha kuti nanenso ndinamizire. Ndinakana. Ndawasambitsa, ndawadyetsa, koma bodza ili alisenze okha.

"N'chofiira, bambo a Stacy," ndinatero.

Aminatu anagwira pakamwa. Anawayang'anitsitsa kumaso kwa nthawi yaitali, ndipo ine sindinamutonthoze. Ndinamusiya kuti aone bwinobwino, poti maso ali nawo.