Magalasi a Chiiwale

"Amayi, madzi aja azizira kachiwiri," anatero Chisamba ataima pakhomo la chipinda, thaulo lili paphewa.

Amayi sanatembenuke. Anagona choyang'ana kukhoma, bulangete mpaka m'makutu, chikhalirecho kunja dzuwa linali litakwera kale. Makatani anali chitsekere kuyambira tsiku limene anaika abambo m'manda, ndipo m'chipindamo munkamveka fungo la zovala zosachapa ndi tiyi wosamwedwa.

"Ndisamba mawa."

"Dzulonso munatero."

Chisamba, mwana woyamba wa m'nyumbamo, anabwerera pabalaza pomwe mlongo wake Mzime ankayesa kukonza wailesi imene sinali yowonongeka. Chifikireni pamalirowo, Mzime ankangokonza zinthu zabwinobwino kuti manja asakhale chabe.

"Mawa ndikupita nawo kwathu," anatero Chisamba. "Tchuthi changa chatha. Sutikesi yawo ndalongedza kale."

"Mwawafunsa, achemwali?"

"Ndifunse munthu wosayankha?"

"Nyumba yawo ndi ino. Mukakawatsekera m'nyumba yosanja ija, inu kuntchito tsiku lonse, azikacheza ndi ndani? Ndi firiji?"

"Nanga iwe wa malolewe umagona kwanu kangati pamwezi? Uwasamalira pa foni?"

Mzime anaweramira wailesi yake. Onse awiri ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake mkanganowo unkapweteka. Onse ankaopanso chinthu chimodzi chimene sankafuna kuchitchula.

Ali ana asukulu, amayi awo anagwapo m'dzenje lomweli. Panalibe bala, panalibe kutentha thupi, koma munthu anangozima ngati nyale yatha mafuta. Dokotala anati ndi matenda ovutika maganizo. Anawapatsa mankhwala, nawauza kuti azidzuka, azisamba, aziona dzuwa ndi kuyendako pang'ono tsiku lililonse. Mankhwalawo ankamwa, koma zinazo ankati alibe nazo mphamvu. Patapita miyezi anayamba kutsitsimuka, mpaka kuseka kunabwerera m'nyumba. Anawo anakula akuthokoza mapiritsi okha.

Abambo awo anali wometa tsitsi, munthu wanthabwala, woiwalaiwala mpaka msewu wonse unawapatsa dzina loti a Chiiwale. M'mawa uliwonse, akangofika kushopu, foni inkalira kunyumba. "Mayi, magalasi aja ndawasiyanso. Fulumirani, ndingamete khutu la munthu kuno. Koma musabwere ndi tsitsi lanyankhalala, mungandithamangitsire makasitomala." Magalasiwo ankapezeka malo amodzimodzi, pazenera la kuchipinda, kuseri kwa katani. Amayi ankadzuka akung'ung'udza kuti munthu ameneyu tsiku lina adzaiwala mutu wake womwe. Ankasamba, kupesa, kuyenda kudutsa pa siteji ya basi ndi pa wosoka nsapato, kukafika kushopu. Kumeneko ankakhala pabenchi, kumwa tiyi, kutsutsana ndi makasitomala za mpira umene sankaudziwa n'komwe, kenako n'kubwerera. Zaka zonsezo zinkayenda choncho.

Tsopano foni inali chete, ndipo magalasi anali pomwe mwini wake anawasiya tsiku lopita kuchipatala. Amayi ankalakalaka kulira kwa foniyo kuposa chakudya. M'mawa uliwonse ankadzidzimuka nthawi yomweyo, kutchera khutu, kenako n'kukumbukira.

Masana kunamveka odi. Anali a Chipeso, mnzawo wa abambo amene ankameta nawo m'shopu imodzi, atanyamula katoni. Anakhala m'mphepete mwa mpando, chipewa chili pabondo.

"Ndati ndibweretse katundu wa mnzanga. Ndikamamuona m'kabati muja, maganizo amandithawa. Dzulo ndinatsala pang'ono kumeta mphunzitsi wina mpala."

Chisamba anayamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi: makina ometera, malumo, burashi yothothoka, kapu yong'aluka pamlomo. Pansi penipeni panali kachikwama kakuda. Atatsegula anapeza magalasi, ofanana ndendende ndi a pazenera aja, kupatula kuti mwendo umodzi unali womangidwa ndi ulusi.

"Awa ndi anu, amalume. Asakanikirana."

A Chipeso anakanda m'mutu, nayang'ana chitseko ngati akufuna pothawira. "Ayi, mwanangu. Ine maso anga ndi a mphamba. Ndi a bambo ako amenewo."

"Anali ndi awiri?"

"Anandilumbiritsa, komatu lumbirolo wapita nalo yekha." Anapumira m'mwamba. "Munthu uja sankaiwala kanthu. Ankakumbukira tsiku lobadwa la mwana wa kasitomala aliyense. Akafika m'mawa ankavala awa, n'kuyamba ntchito bwinobwino, kenako n'kuimba foni ija. Ine ndinali mlonda. Mpando wanga umayang'ana kumsewu, ndiye ndikaona mayi anu akukhota pa wosoka nsapato, ndinkatsokomola. Iye magalasi m'kabati, n'kuyamba kutsinzinatsinzina ngati khanda. Tsiku lina ndinadwala chifuwa chenicheni, munthu anavula magalasi tsiku lonse."

Mzime anaseka, kusekako n'kuthera m'misozi.

"Koma chifukwa chiyani?" anafunsa Chisamba, ngakhale yankho anali atalidziwa kale.

"Ankati, mkazi wanga ukamuuza kuti adzisamalire, sadzuka. Koma ukamuuza kuti wina wavutika, amadzuka ngakhale mvula ikugwa. Ndiye ankaika magalasi kuseri kwa katani, kuti powatenga dzuwa lilowe."

Anawo atacheuka anaona amayi ataima pakhomo la chipinda, atagwira felemu ya chitseko, tsitsi lili nyankhalala. Palibe anadziwa kuti anayamba liti kumvetsera. Anayenda pang'onopang'ono, natenga magalasi omanga ndi ulusiwo, nawatembenuza m'manja.

"Wabodza uja," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi ine kumuthamangira ndi magalasi, nsapato kutha, iye akuona bwinobwino."

"Pepani, alamu," anatero a Chipeso.

"Inunso ndi chifuwa chanucho. Ine kumakugulirani mankhwala a chifuwa!"

Anabwerera kuchipinda ndi magalasiwo, natseka chitseko. Kenako kunamveka kulira kumene anawo sanakumve ngakhale kumanda, kulira kotulutsa mawu, koitana munthu. Chisamba anafuna kulowa, koma Mzime anamugwira mkono.

M'mawa mwake Chisamba anadzuka n'kuika sutikesi ija pakhomo. Anapita kukagogoda kuchipinda ali wokonzeka kukangana. Chitseko chinali chotsegula. Katani linali lokokeredwa pambali, dzuwa litagwera pabedi loyalidwa mokhotakhota. Kubafa kunkamveka madzi.

Amayi anatuluka atavala diresi la buluu limene linkaoneka kuti lawakulira. Anamwa piritsi lawo ali chiimire, nakhala pampando, napatsa Chisamba chipeso. Manja awo anali asanakhale ndi mphamvu zofika kumbuyo kwa mutu.

"Sutikesiyo ubweze," anatero mwana wawo akuwapesa.

"Amayi, kusamba kwa tsiku limodzi si kuchira."

"Ndikudziwa kuposa iwe. Mtimawu ukulemera ngati dzulo lomwe. Udzandiperekeze kwa dokotala Loweruka ukabwera. Ndipo uziimba m'mawa uliwonse. Ukadzaimba n'kupeza ndikadali m'bulangete, udzabwere ndi sutikesi yakoyo, sindidzakana."

Chisamba anayang'ana mlongo wake. Mzime ananyamula sutikesi mwakachetechete n'kuibweza kuchipinda.

Amayi anatenga magalasi a pazenera aja, nawaika m'chikwama. Omanga ndi ulusiwo anawaika pamalo pake, kuseri kwa katani. Anatuluka osapempha wowaperekeza, ndipo anawo anawatsatira chapatali. Pa siteji ya basi amayi anaima kaye, akupuma movutikira, moti Chisamba anaganiza kuti abwerera. Sanabwerere. Wosoka nsapato anawavulira chipewa, iwo anangogwedeza mutu.

Atangokhota pakona, m'shopu muja munamveka kutsokomola. A Chipeso anali atachita mwachizolowezi, osaganiza, ndipo atazindikira anagwira pakamwa, makina akulirabe m'dzanja linalo.

Amayi analowa. Anayang'ana mpando wa amuna awo wopanda munthu kwa kanthawi, kenako anatulutsa magalasi m'chikwama, nawapukuta ndi nsonga ya diresi, nawaika pashelefu pansi pa kalilole.

"Anaiwalanso," anatero, nakhala pabenchi. "Tiyi alipo?"