Kavalo Wobadwa Masiku Asanakwane

Ngolo itafika pakati pa chitunda, Wafulumira, kavalo amene ankaikoka, anagwada. Sanapunthwe ayi. Anangopinda miyendo yakutsogolo pang'onopang'ono, mphuno n'kugunda phula, njerwa zina n'kukhuthukira mumsewu.

Mayi Wangolo, monga ankamutchulira anthu onse a mumsewuwo, anataya chingwe n'kugwada pambali pa kavaloyo.

"Dzuka bambo. Dzuka mwanawe, tatsala pang'ono," anatero akumusisita khosi lonyowa ndi thukuta.

Kavaloyo ankapuma ngati pampu yobooka. Galimoto zinayamba kulira kumbuyo. Woyendetsa lole wina anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Mayi, chotsani mtembo wanuwo!"

Mlamu wa Mayi Wangolo, mkulu wa malemu mwamuna wake, ankawotcherera zitsulo m'munsi mwa chitundacho. Anabwera akuthamanga, magalasi akuda ali pamphumi. Atangotambasula dzanja kuti amasule malamba, Wafulumira anatembenuka n'kumuphonya ndi mano.

"Mwaona, mlamu? Kuimirira akukanika, koma mano ali pantchito! Ndinakuuzani ine kuti uyu si kavalo, ndi mbuzi yotalika."

"Ndithandizeni kaye, alamu. Zonyoza mukazinenere kunyumba."

Mayiyo anamasula yekha malambawo, mlamuyo n'kukankhira ngolo m'mphepete. Patapita nthawi kavaloyo anadzuka, koma mwendo wakumanzere sunkaponda pansi.

Wafulumira anabadwa zaka zinayi zapitazo, kutatsala milungu isanu kuti masiku ake akwane. Anatuluka ndi makutu ofota, ubweya wosalala ngati wa mwana wa mphaka, ziboda zofewa zoti munthu n'kuzibonyola ndi chala. Make anamununkhiza kamodzi n'kumufulatira. Mwamuna wa Mayi Wangolo anapita kukatenga khasu loti akumbire dzenje, koma pobwera anapeza mkazi wake atakanyamulira kale kamwanako kukhitchini, akukayamwitsa mkaka wa m'botolo. Kanakhala mmenemo miyezi iwiri pamatumba, miyendo atayimanga timatabwa. Kanakula ndithu, koma kanakula mwa njira yakeyake. Wafulumira ankaopa akavalo anzake, ankaluma munthu aliyense wachilendo, ndipo mayiyo akangotuluka pageti ankalira n'kumamenya khoma mpaka abwere. Mwamuna wa mayiyo atamwalira, ngolo ankakoka ndi make wa kavaloyo. Mwezi watha nayenso anafa ndi ukalamba, ndipo pakhomo panatsala ana atatu, ngolo, ndi Wafulumira.

Dokotala wa ziweto, mtsikana wa jombo zamatope, anafika panjinga yamoto mlamu uja atamuimbira foni. Anauza mayiyo kuti agwire mutu wa kavaloyo, iye n'kuyamba kusinika mabondo. Wafulumira ananjenjemera thupi lonse.

"Mayi, mwakhala mukumukoketsa masiku angati?"

"Milungu itatu, adokotala. Koma sindidzaza. Pachitunda ndimatsika n'kumakankha."

"Pepani, ndinena mosabisa. Obadwa msanga ambiri amalimba, koma ena mafupa a m'mabondo amakhala asanakhwime, ndiye amaphwanyika adakali aang'ono n'kukula opindika. Uyu ndi mmodzi wa iwo. Mapapo akenso ndi osalimba."

"Ndiye mum'baye jakisoni. Mum'patse mankhwala aliwonse. Ndim'pumitsa sabata yathunthu."

"Ululu ndiuchepetsa, ndipo atha kukhala zaka zambiri akungoyendayenda pabwalo. Koma mukamumanganso pangolo, tsiku lina adzagwa osadzukanso."

"Osakoka ngakhale theka?"

"Ngakhale ngolo yopanda kanthu."

Mayiyo anakhala pansi panjerwa zosweka. M'khutu mwake munkangolira. Anakumbukira kuti mmawa uliwonse wa milungu itatuyo kavaloyo ankabwera yekha kudzaima pakati pa mitengo ya ngolo, chifukwa chakuti iye ndiye ankamuitana.

Foni inalira m'thumba. Anali kapitawo wa pamalo omanga nyumba kumtunda kwa chitundacho.

"Mayi, amisiri angokhala manja lende kuno. Njerwa zija zikapanda kufika, mawa ndiitana wa galimoto. Osadzabweranso kudzandilirira."

"Zikubwera, bwana. Zili m'njira." Mawu ake anatuluka ngati a munthu wina.

Dokotala atabaya jakisoni n'kuchoka, mlamu uja anavula magalasi n'kukhala pafupi naye. Zoseka zinali zitamuthera.

"Mlamu, wakutsina khutu ndi mnansi. Kuseri kwa msika kuli bambo wina amagula akavalo otha ntchito, amakadyetsa agalu olondera. Zomwe angakupatseni, n'kuwonjezerapo pang'ono ineyo, mutha kupeza bulu. Bulu sadwala zachibwana."

"Mukuti agalu?"

"Nanga ana adya chisoni? Mng'ono wanga anakusiyirani ngolo, osati chipatala. Kavalo ameneyu amadya kuposa ana atatu aja kuwaphatikiza."

"Ndikudziwa zimene amadya. Udzuwo ndimamweta ndine."

"Ndiye mum'patse wina amusunge."

"Ndani? Kusukulu yophunzitsa kukwera akavalo ndinapitako. Analuma mwini sukuluyo paphewa tisanamalize n'komwe moni." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndinamulakwira kawiri, alamu. Ndinamulera ngati munthu mpaka sadziwa kuti ndi kavalo. Lero ndamuthyola miyendo. Kachitatu ndikam'pereke ndekha kwa agalu, iye akunditsatira pambuyo poganiza kuti tikupita kokamwa madzi?"

Mlamuyo anangoyang'ana pansi, akutembenuzatembenuza magalasi aja.

"Zoti ndichite mawa sindikuzidziwa," anatero mayiyo. "Koma za lero ndikuzidziwa."

Anaimirira n'kuyamba kutsitsa njerwa m'ngolo, kuzisanja m'mphepete mwa msewu mpaka munatsala zochepa. Anamangirira Wafulumira pamtengo wa mthunzi, naye anayamba kulira nthawi yomweyo. Kenaka anatenga lamba wapachifuwa wa kavaloyo, wonunkha thukuta, anam'pinda kawiri n'kumukoleka paphewa pake. Analowa pakati pa mitengo ya ngolo n'kuigwira.

"Mlamu, mwapenga? Anthu akuonani!"

"Andione. Pamene ana anga azigona ndi njala adzabwera kudzaona?"

Anakoka. Ngolo inasuntha pang'ono n'kubwerera, lamba n'kumudula paphewa. Anakokanso, nsapato zikuterereka paphula, misozi ndi thukuta zitasakanikira pachibwano. Kachitatu ngoloyo inapepuka mwadzidzidzi. Sanacheuke, koma anamva mlamu wake akubuula kumbuyo.

"Ulendo uno wokha, mwamva? Ine msana wanga ndi wowotcherera, si wa bulu."

Anafika pamwamba pa chitunda. Kumunsi kulira kwa kavalo kunkamvekabe pakati pa phokoso la galimoto. Njerwa zotsala mumsewu zinali za maulendo anayi, ndipo dzuwa linali litafika kale pamutu.